Chitseko Chimene Aphunzitsi Anabwereka

Aphunzitsi a zojambula anabwereka chitseko changa kwa masabata awiri. Miyezi inayi inakwana, chitseko osabwera, mahinjesi amene anandilonjeza osaoneka. Chimene chinkabwera tsiku ndi tsiku ndi moni basi, moni wonenepa bwino, wochokera pa njinga yakapalasa.

"Mwadzuka bwanji, Mayi?"

"Ndadzuka wopanda chitseko. Kaya inu amene muli ndi ziwiri?"

"Mawa, Mayi. Mawa ndithu."

Akatero n'kupalasa njinga mwamphamvu ngati kutsogoloko kwabuka moto. N'chifukwa chake pakhomo panga ankadziwika kuti a Mawa.

Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Kuseri kwa nyumba ndili ndi kachipinda, mmene muli tebulo lositirapo, simbi ziwiri za makala ndi waya wopachikapo zovala zimene zatha. Chitseko cha kachipindako chinathyoka mahinjesi, ndiye ndinachitsamiritsa pakhoma podikira alamu anga, mng'ono wawo wa malemu bambo a ana, amene ndi kalipentala masiku amene akumbukira kuti ndi kalipentala. Chinatsamira masiku atatu okha. Tsiku lachinayi aphunzitsi aja anaima pampanda n'kumachiyang'ana ngati mnyamata woti wapeza mbeta.

Aphunzitsiwa ndi munthu wamtali, woonda, magalasi omanga ndi ulusi. Kumapeto kwa msewu wathu kuli galaja yakale imene amakanika anaithawa chifukwa chodontha, ndipo mmenemo ndi momwe amasonkhanitsa ana a m'dera lathu akaweruka kusukulu n'kumawaphunzitsa kujambula. Salipiritsa. Amatola makatoni kumashopu, matumba a simenti kwa omanga nyumba, ndi penti wotsalira m'zitini kwa aliyense amene wamaliza kupenta. Ine ndinalibe nawo mlandu. Kuno kulibe bwalo la mpira, kulibe nyumba yowerengera mabuku, kuli mabala a mowa atatu ndi ngalande. Mwana akakhala mugalaja ndi burashi, ndimadziwa kumene ali.

"Mayi, ana akujambulira pansi, misana ikupindika," anatero tsikulo. "Chitseko ichi ndikachigoneka pa migolo iwiri ndiye kuti tebulo lapezeka. Masabata awiri okha."

Ndinawauza mtengo wanga. Chibwere ndi mahinjesi atatu atsopano, osati awiri. Masikuluwu awo. Kumangirira okha, ine nditaima pomwepo. Anavomera ndisanamalize n'komwe, ndipo mtima unandiuza kuti ndadyedwa. Pa ntchito yangayi ndawaona anthu otere: kasitomala wosanenerera ndi yemwe amadzasowa tsiku lotenga katundu.

Mwana wanga woyamba naye amapita kugalajako. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Timamutcha Namakala, chifukwa kuyambira ali wokwawa ankaba makala a musimbi n'kumalemba pakhoma, pa ndowa, tsiku lina pamsana pa mng'ono wake atagona. Sayankhulayankhula. Anatengera bambo ake. Ine ndikanakhala choncho bwenzi tikugona ndi njala.

Pakhomo pa kachipinda ndinaikapo katani. Katani imatchinga maso a anthu, koma fumbi silidziwa katani, nkhuku za aneba sizidziwa katani. Ndinapirira, ngakhale kupirira si mphatso yanga. Mpaka Lachinayi lina masana, ndikulowa kuti nditenge suti yakuda ya kasitomala wanga wa kubanki, ndinapeza mphaka wa aneba atagona pamwamba pake. Mphaka wake woyera. Anandiyang'ana ngati ndine amene ndalakwitsa khomo. Suti yonse ubweya. Ndinatha ola lathunthu ndikutola ubweyawo ndi selotepi, kasitomala ali panja akuyang'ana wotchi n'kumatsokomola dala.

Namakala atabwera kusukulu ndinamuuza asanavule yunifolomu.

"Ukawauze a Mawa akowo kuti mawa lawo lakwana. Chitseko ndikuchifuna."

"Amayi, mudikireko lipite Loweruka."

"Loweruka kuli chiyani, ukwati wa chitseko?"

Anayang'ana pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi. Kenako mawu anayamba kutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wathu. Loweruka kugalaja kubwera mayi wina wa m'tauni wolemba zikwangwani, amene amapenta mashopu, magalimoto a katundu ndi makoma a masukulu. Chaka chilichonse amatenga mwana mmodzi yekha wa kugalaja n'kumamuphunzitsa ntchito kushopu kwake. Mnyamata amene anamutenga zaka zitatu zapitazo pano ali ndi makwerero akeake ndi makasitomala akeake. Namakala ankafuna kuti chaka chino akhale iyeyo.

"Chabwino, funa. Nanga chitseko changa chikulowapo pati? Mayiyo akufuna adzagone patebulo?"

Anangopitiriza kukumba dothi ndi chala. Ine munthu wosayankha amandipsetsa mtima kuposa wotukwana.

"Tamvera. Mawa chitseko chigona pano. Apo ayi, kugalajako phazi lako lisadzapondekonso, zikwangwani kaya osati zikwangwani."

Lachisanu masana ndinakadzutsa alamu pansi pa mtengo, tinabwereka wilibala, ulendo wa kugalaja.

Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Ndinkayesa ndikapeza phokoso la pamsika, koma munali zii. Ana oposa makumi awiri, ena a mamina, ena a ndevu zoyamba, onse maso ali pa nsapato imodzi yakutha imene anaiika pamwamba pa ndowa pakati pa chipinda. Ndinaona mwana wa mayi wogulitsa tomato, amene msewu wonse umamudziwa ndi kugenda agalu, atakhala phee, lilime kunja, akulimbana ndi chingwe cha nsapato papepala. M'makoma monse makatoni okhaokha: nkhope, njinga, mbuzi, manja a anthu. Fungo la penti ndi palafini.

Koma chimene ndinaona kwambiri n'chakuti ana onsewo ankajambulira pansi. Migolo iwiri ija inali pakona, pamwamba pake popanda kanthu.

"Tebulo lili kuti?"

Aphunzitsi anadzuka, magalasi n'kutsetserekera kumphuno. "Mayi, takulandirani. Ana, perekani moni kwa amake Namakala."

"Moni ndili naye wambiri kunyumba, munandisiyira. Chitseko."

Anayang'ana kukhoma lakumapeto. Pamenepo panaima chinthu chachitali chofunditsidwa bedishiti, bedishiti yake yanga, imene ndinkayesa inabedwa pachingwe, mpaka ndinasiya kuyankhulana ndi aneba ena sabata yathunthu. Namakala anaima patsogolo pake atatambasula manja. Ndinamusuntha ndi dzanja limodzi n'kukoka nsalu ija.

Pachitseko panali mzimayi. Anatembenukira uko, nkhope ikungooneka tsaya lokha, akusita shati yoyera. Duku lobiriwira, simbi yakuda ikutulutsa utsi, zovala zili pa waya, ngakhale kapu yanga yoduka chogwirira imene ndimaikamo madzi owazira inalipo. Pamwamba pa mutu wake panali denga likunyezimira, la lata lenileni.

Galaja yonse inkandiyang'ana. Alamu anavula chipewa.

"Mlamu, ameneyu ndinu."

"Ndaona. Mbuyo yonseyi ndi yanga? Penti munasowa komutayira?"

Ana anaseka chobisa. Aphunzitsi anayamba kufotokoza mothamanga. Mapepala anatha mwezi wachiwiri. Mwana anayamba kulembalemba pakona pa tebulo ndi khala. Iwo anaona n'kumusiya, chifukwa lamulo lawo ndi lakuti mwana akayamba chinthu samugwira dzanja. Kenako anachiimika kukhoma. Miyezi itatu akupenta, kufufuta, kupentanso. Mayi wa zikwangwani safuna kuona timapepala, amafuna ntchito yaikulu chifukwa zikwangwani ndi zazikulu, ndipo ntchito yaikulu ya Namakala ndi yokhayi.

Ine ndinkamva ndi khutu limodzi. Maso anga anali pa lata lija.

"Aphunzitsi, kusukulu munakhalako zaka zingati?"

"Zambiri ndithu, Mayi."

"Ine zitatu. Tandiuzani, lata ili lili kuti?"

"Pamwamba. Ndi denga. Mwanayu anaganiza mwanzeru kwambiri."

"Lata limeneli ndi la makoswe. Ndinakhomera ndekha kunsi kwa chitseko chifukwa ankaboola n'kulowa kudzadya makolala a anthu. Kumene mukuti kumwambako ndi pansi. Miyezi itatu, anthu makumi awiri ndi mphunzitsi wa magalasi, palibe amene anayang'ana bowo la kiyi?"

Onse anayang'ana bowo la kiyi. Linali pamwamba pa chogwirira, mwendo wake uli m'mwamba. Namakala yekha ndi amene sanayang'ane.

"Mayi," aphunzitsi anatero, mawu atachepa, "tsiku limodzi lokha. Mawa..."

"Liwu limenelo musalitchulenso ine ndili pano."

"Mayiyo afika naini koloko, ndipo ali ndi ola limodzi basi. Ndi munthu wotanganidwa."

"Nanenso. Akafuna kuona, msewu ndi womwewu, nyumba yachisanu ndi chiwiri, pamene pali zovala pachingwe. Alamu, nyamulani."

Tinachigoneka pa wilibala. Namakala sanalire. Anatola bedishiti ija n'kuipinda, n'kuiyala pansi pa chitseko kuti zitsulo za wilibala zisakande penti, ndipo njira yonse anayenda pambali atagwirira kona.

Kunyumba alamu anayesa kuchilowetsa monga chinajambulidwira, lata kumwamba. Chinakana. Felemu ya kachipinda kaja ndi yopendama, ndipo malemu bambo a ana anachita kupala chitsekocho mbali imodzi kuti chizilowa, ndiye chimadziwa njira imodzi yokha. Titachitembenuza chinalowa ngati phazi mu nsapato yake. Poti mahinjesi kunalibe, alamu anadula mphira ya tayala lakutha n'kukhomera ndi misomali. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi.

"Mlamu, mwaima ndi mutu. Mukusita kumwamba. Koma siketi yanu ndi yaulemu, sikugwa."

Dzuwa lisanalowe msewu wonse unali utadutsa pakhomo panga, aliyense khosi lopindika. Mwini mphaka uja anafunsa ngati ndayamba masewera olimbitsa thupi pa ukulu uno. Kasitomala wina anabwera kudzatenga mathalauza ake, anaima, anawerama, anayang'ana kudzera pakati pa miyendo yake, munthu wamkulu wa tayi. Ine ndinati chitseko chikutseka, mphaka ali panja, nkhani yatha.

Koma siinathe. Loweruka m'mawa Namakala sanapite kugalaja. Sindinamuletse. Chitseko chinali chitabwera, ndiye chiletso changa chinali chitafa chokha. Koma akanapita kukaonetsa chiyani? Anakoleza makala, anadzaza simbi, anadzitsekera m'kachipinda muja n'kuyamba kusita mashati. Ndinkamuona pazenera: kolala, mapewa, manja, msana, kupachika, kutenga ina. Sanapsereze ngakhale imodzi. Akanapsereza bwenzi nditapeza pokalipira, mtima n'kutsika.

Ine ndinali panja ndikutsukuluza. Ndinaika beseni lalikulu patsogolo pa kachipinda, ndinathiramo madzi oyera, n'kupita kukatenga zovala. Pobwera madzi anali atadekha. Ndikuti ndiwerame, ndinaona mzimayi m'madzimo ataima bwinobwino, miyendo pansi, denga kumwamba. Chitseko chinkaonekera m'beseni, ndipo madzi anali atachitembenuza.

Kugalaja kuja ndinangoona mbuyo ndi lata. Apa ndinali ndekha, panalibe wondiyang'ana. Ndinaona phewa lakumanja litatsika, momwe limatsikira ikamakwana folo koloko. Ndinaona chidendene chimodzi chitatuluka mu patapata, chifukwa msana ukayamba ndimaima ndi mwendo umodzi. Zimenezo sindinauzepo munthu. Zaka zonsezi mwanayu akakhala pakona duu, ine ndinkayesa akuthawa ntchito.

Ndinafunsa nthawi kwa aneba. Teni koloko inali pafupi. Mumsewu munalibe mlendo aliyense, agalu okha. Ndinapukuta manja pasiketi, ulendo.

Ndinapeza mayi wa zikwangwani ali panja pa galaja, akumangirira bokosi la maburashi kumbuyo kwa njinga yamoto. Wamfupi, wojintcha, tsitsi lometa, ovolosi ya mitundu yonse ya penti. Aphunzitsi anali pambali akupotokola zala.

"Ndinu a zikwangwani?"

"Ndine. Ndipo ndachedwa."

"Ana mwaona onse?"

"Amene analipo. Awiri ndi abwinoko. Ndikaganiza."

"Simunaone kanthu. Katundu weniweni ali kwanga."

"Amayi, ine sindiyenda m'makomo. Mwana wofuna ntchito amabwera yekha."

"Mwana ankafuna kubwera, ndinamulanda chitseko ndine. Mphindi khumi zokha."

"Ndilibe."

Ine za kupempha sindizitha, pakamwa panga sipanazolowere. Ndinamasula chingwe, ndinasenza bokosi la maburashi pamutu, n'kuyamba kuyenda. Ndinamva aphunzitsi akupepesa m'malo mwanga, kenako njinga inalira n'kumabwera pang'onopang'ono pambali panga.

"Mukudziwa kuti kumeneku ndi kuba?"

"Wakuba sayenda mosatekeseka chonchi. Nyumba yachisanu ndi chiwiri."

Kumbuyo kwathu galaja yonse inali m'njira, ndipo alamu, amene phokoso laulere siliwaphonya, anatulukira pansi pa mtengo wawo n'kulowa pamzere.

Namakala anatuluka atamva anthu, simbi ili m'manja. Ataona mlendo anafuna kubwereramo, koma ndinatseka chitseko kumbuyo kwake n'kuima pambali.

"Ndi ichi. Miyezi itatu. Penti wotsalira. Yang'anani."

Aphunzitsi anathamangira kutsogolo. "Pepani, chili chadodolido, panachitika kacholakwika pang'ono. Tikhoza kuzula misomali n'kuchiimika bwino."

"Musachikhudze," mayiyo anatero, n'kuzimitsa njinga. "Mwandichepetsera ntchito. Kushopu kwanga chikwangwani sichituluka ndisanachitembenuze mutu pansi. Chikakhala choongoka diso limanama, limaona chimene likuchidziwa kale. Chikatembenuka, chokhota chilichonse chimaonekera poyera."

Anabwerera m'mbuyo mpaka pachingwe cha zovala n'kutsinzina diso limodzi. Anayandikira, anapala penti ndi chikhadabo, ananunkhiza. Anabwereranso. Mphindi khumi zimene ankati alibe zija zinatha, iye osazitchula.

"Tebulo laima bwino. Mashati ali bwino, akuoneka kuti ndi nsalu. Utsi wachuluka. Mkono wakumanja ndi wautali."

"Wautali bwanji?" ndinatero.

"Wautali basi. Munthu sakhala choncho."

"Munthu wake uti? Zaka makumi awiri ndikukoka simbi ndi mkono umenewu. Mukuyesa unangokhala? Yezani."

Ndinatambasula manja onse awiri. Mayiyo anandiyang'ana kaye, kenako anatulutsa tepi m'thumba la ovolosi. Anayeza wakumanzere, anayeza wakumanja, alamu akusuzumira pa phewa pake ngati akuyeza malire a munda.

"Wakumanja wapambana ndi chala chimodzi."

"Mwamva nonse."

"Pachitsekopa wapambana ndi zala zinayi."

"Zitatuzo ndi phindu. Inu simuikapo phindu pa ntchito yanu?"

Sanaseke, koma pakona pa mlomo panagwedezeka. Anatembenukira kwa Namakala.

"Iwe, amayi ako akuyankhira mpaka liti? Mkonowu unautalikitsa dala kapena unalephera?"

 Mwanayu akhoza kuyang'ana pansi mpaka zovala zonse kuuma pachingwe. Yankho ndinali nalo kale pamlomo, labwino, koma ndinaluma lilime. Zinali zowawa kuposa kupsa ndi simbi.

"Dala," Namakala anatero. "Akamasita chinthu chachikulu, akafika kumapeto uko, mkono umaoneka ngati sutha. Ndinayesa kuufupikitsa kawiri. Sanali iwowo."

"Nanga latali?"

"Penti wa siliva kunalibe. Lata linalipo kale."

"Bowo la kiyi sunalione?"

"Ndinaliona mochedwa. Mutu ndinali nditamaliza."

Aphunzitsi anatsegula pakamwa. "Unkadziwa? Osandiuza?"

"Mukanati tiyambirenso."

"Ndipo mukanayambiranso," mayiyo anatero. "Tamvera, mtsikana. Kasitomala akakubweretsera chitseko, geti kapena thabwa, funso loyamba ndi lakuti kumwamba ndi kuti. Ukaona cholakwika umanena tsiku lomwelo, ngakhale utamaliza mutu ndi mapewa. Kwa ine ukabisa, ukafufuta ndi manja ako dzuwa likuswa mtengo. Wamva?"

"Ndamva."

"Zilembo umatha?"

"Pang'ono."

"Ndiye kuti sutha. Miyezi itatu yoyamba uzitsuka maburashi ndi kukoka mizere. Koma mwana amene amaona denga pa lata la makoswe sandithera penti. Uyambe Lolemba."

Ana aja anayamba kuwomba m'manja. Anthu onse ankayesa ndigwada pansi kuthokoza. Ine ndinakoka mipando iwiri.

"Khalani pansi, Mayi. Simunagulebe."

Anakhala, n'kupinda manja pachifuwa. Ndinadziwa kuti ndakumana ndi mnzanga.

"Lolemba ayi. Lolemba ndi tsiku la zochapa zambiri, mwana ndi wanga. Sukulu sasiya, azibwera akaweruka. Ovolosi mumupatsa inu, ine penti wa mafuta sindichapa. Loweruka akagwira tsiku lonse adya kwanu. Makwerero aatali asakwere mpaka atazolowera. Mdima usanagwe akhale ali pano."

"Lachiwiri, Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka. Ovolosi ndimupatsa yakale, apinde miyendo. Adya chimene ndikudya ine. Koma akajomba kawiri popanda chifukwa, ndikatenga wina kugalaja."

"Akajomba kamodzi mundiuze. Kachiwiri sikadzakhalapo."

"Ndipo poti munanyamula bokosi langa popanda chilolezo, makatani a kushopu kwanga muchapa ulere. Katatu."

"Kamodzi."

"Katatu."

"Kawiri, sopo wanu."

Tinagwirana chanza. Dzanja lake linali lokhakhala ngati langa. Anamangirira bokosi lake, ulendo uno ndi mfundo ziwiri, ndipo asanalize njinga anayang'ananso chitseko chija.

"Chimenechi simungandipatse? Ndikachiimike pashopu choongoka, anthu azichiona."

"Miyezi inayi ndakhala ndi katani. Muyende bwino."

Atapita, ana anamuzungulira Namakala, kumukoka uku ndi uku. Iye anandiyandikira, anangoti "Amayi," n'kulephera kupitiriza. Ndinamuuza kuti makala akuthera musimbi pachabe ndipo mashati anayi akadali pampando. Analowa akumwetulira, mano onse panja. Mano amenewo ndinali nditaiwala kuti ali nawo.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Kenako ndinaona akusuntha chammbali, pang'onopang'ono, kulowera kumpanda kumene ana anawatsamiritsira njinga yawo.

"A Mawa."

Anaima. Aka kanali koyamba kuwatchula dzinalo pamaso, ndipo anatembenuka msanga ngati akhala akulidziwa kalekale.

"Mahinjesi."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kokulunga, kakuda ndi kuyenda. Munali mahinjesi atatu atsopano ndi masikuluwu ake.

"Ndinagula mwezi woyamba womwe uja, Mayi. Koma ndikanabweretsa mukanafunsa chitseko."

Alamu anazula mphira ija n'kuwabwereka chomangira masikuluwu. Anandifunsa ngati ndikufuna azule lata alikhomere mbali inayo, apalenso chitseko, kuti ndiime ndi miyendo ngati anthu ena. Pazenera panamveka mawu a Namakala akuti ndiye kuti amayi akhala opanda denga. Ine ndinati lata likhale pamene lili, makoswe sanasamuke. Wofuna kundiona choongoka abweretse zovala zochapitsa, ndimuonetsa m'beseni.

Aphunzitsi anagwada n'kuyamba kumanga, ine nditaima pomwepo monga tinapanganirana. Munthu wodziwa kujambula nsapato yoti ungafune kuivala, koma sikuluwu imodzi inawatengera nthawi yoti shati n'kuuma. Ana awo omwe ndi amene ankawauza mbali yopotera. Alamu manja ankawayabwa, ndinawaletsa ndi diso. Pofika pa hinjesi yachitatu chala cha aphunzitsi chinali chitatupa, thukuta likudonthera pamagalasi.

Anadzuka n'kupukuta mawondo. "Zatheka, Mayi."

Ndinawerama. Bowo limodzi la hinjesi yapansi linali pululu.

"Ili likudikira ndani?"

"Sikuluwu imodzi iyenera kuti inagwa m'thumba. Koma chagwira, Mayi, onani. Imodzi siisintha kanthu."

"Ndiye siivutanso kuipeza."

Anafufuza m'matumba onse, anakutumula kapepala kaja, ana anakwawa pansi pa chingwe cha zovala. Osapezeka. Ndinaona milomo yawo ikukonzeka kutchula liwu lija, ndipo iwonso anaona kuti ndaona. Anapita panjinga yawo, anamasula belu, n'kubwera ndi sikuluwu yake m'manja. Alamu anati si mtundu wake, imeneyo ndi ya chitsulo osati ya thabwa. Ndinati ilowe kaye, za mtundu tikambirana pambuyo. Inalowa.

Ndinatsegula, ndinatseka. Ndinatsegulanso n'kumenyetsa. Ndinakoka chogwirira ndi mphamvu zanga zonse, mzimayi wa pachitseko ali chiimire ndi mutu, osagwedezeka.

"Ngongole yatha, Aphunzitsi. Tengani ana anuwa, akundipondera zovala."